Bokosi la pabalaza ndi bodza lakuti "zonse n'zosungika"

Chakumapeto kwa mwezi wa Juni 2021, anthu ambirimbiri m'maiko osiyanasiyana anadzuka n'kupeza kuti bokosi lawo losungiramo mafayilo, lotchedwa My Book Live, lopangidwa ndi kampani ya Western Digital, latsala lopanda kanthu. Kagetsi kake kanali kuyaka monga mwa masiku onse, diski inali kuzungulira bwinobwino, koma zithunzi za ana, makalata a ntchito ndi mavidiyo a maukwati zinali zitapita. Panalibe mbala imene inathyola chitseko. Anthu osadziwika, ali kutali, anatumiza lamulo kudzera pa intaneti louza bokosi lililonse kuti libwerere mmene linalili potuluka m'fakitale, ndipo mabokosiwo anamvera. Pambuyo pake zinadziwika kuti kampaniyo inasiya kukonza pulogalamu ya mabokosi amenewa mu 2015, ndiponso kuti chiboo china choopsa chinaululika mu 2018 koma sichinatsekedwe, poti katunduyo anali atachotsedwa kale pa mndandanda wa zinthu zimene kampaniyo imasamalira. Langizo loyamba limene eni mabokosi analandira linali lakuti azule chingwe cha intaneti. Kwa ambiri langizolo linafika madzi atatayika kale.

Chowawa pa nkhani imeneyi n'chakuti amene analira tsikulo sanali anthu osasamala. Osasamala zinthu zawo zinali m'mafoni ndi m'malaputopu, ndipo zinagona bwino usiku umenewo. Olira anali aja amene anatulutsa ndalama, nagula chipangizo, nasamutsira zonse m'menemo, kenaka n'kufufuta za m'kompyuta kuti apeze malo, mtima uli m'malo kuti tsopano zonse n'zosungika.

Bokosi la mtundu umenewu, limene amalitcha NAS, layamba kuoneka m'nyumba za Achewa ndi Anyanja amene zinthu zikuwayendera: ku Johannesburg, ku Leeds, ku Kabulonga mu Lusaka, ku Area 47 mu Lilongwe. Ndi kompyuta yaing'ono yopanda sikirini, yokhala ndi madiski awiri kapena anayi, yolumikizidwa ku rauta ya m'nyumba kotero kuti foni iliyonse ndi laputopu iliyonse ya m'banjamo itha kuikamo ndi kutengamo mafayilo. Ena amagula za Synology kapena QNAP, ena amadzipangira okha ndi kompyuta yakale. Ndi chipangizo chabwino, ndipo palibe wanzeru amene angachinyoze. Choipa ndi mawu amene mwini wake amanena pamene akuchionetsa kwa alendo, chili phee pafupi ndi wailesi ya kanema: "Za banja lonse zili umu, palibe chimene chingatayike." Mbiri ikafika kumudzi, malume amatumiza mapepala a munda, azakhali amatumiza zithunzi za chinkhoswe, mlongo amatumiza mawu a agogo amene anawajambula asanamwalire, ndipo aliyense amafufuta zake m'foni chifukwa foni yadzaza. Zinthu zimene zinali zomwazikana m'mafoni asanu ndi awiri, m'maiko atatu, tsopano zaunjikana pamalo amodzi, pansi pa denga limodzi, pa soketi imodzi. Banja limeneli likuyesa kuti lawonjezera chitetezo, chikhalirecho lachichepetsa.

Gawo lina la vutoli lili m'kamwa. Mneni wakuti kusunga ndi wotakata kwambiri: munthu amasunga ndalama, amasunga ana amasiye, amasunga chinsinsi, amasunga mwambo, amasunga nthawi. Pa kompyuta mneni yemweyu wasenzetsedwa ntchito zitatu zosiyana. Yoyamba ndi kudina kuti zimene munthu walemba zikhazikike. Yachiwiri ndi kuika fayilo pamalo ena ake. Yachitatu ndi kukhala ndi kope lina lapadera limene lingalowe m'malo mwa loyamba likawonongeka. Wina akanena kuti "ndasunga", palibe amene angadziwe kuti wachita iti mwa zitatuzi, ndipo kawirikawiri naye mwini sadziwa. Achinyamata a m'tauni abwereka mawu akuti bakapu, koma mawuwo anafika atasiya tanthauzo lake pa chipata, pakuti wonena kuti "ndapanga bakapu" nthawi zambiri amakhala atangosamutsa fayilo kuchoka uku kupita uko. Chosamutsidwa chikadali chimodzi. Changosintha pogona.

Chodabwitsa n'chakuti Chichewa chili nawo kale mneni woyenera, ndipo ndi wakale kuposa kompyuta iliyonse. Mneniyo ndi kuikiza. Mayi wa nkhuku makumi awiri ankaikiza zinayi kwa mchemwali wake kutsidya la mtsinje, kuti chitopa chikasesa mudzi wake mtundu wa nkhukuzo usathe. Mwini mbuzi ankaikiza zina kwa alamu ake, kuopa fisi ndi mbala. Kusiyana kwa kuika ndi kuikiza ndi zilembo ziwiri zokha, koma m'zilembo ziwirizo muli munthu wina, mudzi wina, ndi pangano lakuti chinthucho chidzabwezedwa tsiku la mavuto. Ngakhale chimanga cha mbewu sichinkagona m'nkhokwe pamodzi ndi cha chakudya. Chinkapachikidwa kudenga la khitchini, kumene utsi unkachiteteza kwa anankafumbwe. Agogo amene sanapite kusukulu ankadziwa zimenezi. Mdzukulu wawo wa digiri waika zonse m'nkhokwe imodzi, ndipo akunyadira chifukwa nkhokweyo ili ndi timagetsi tobiriwira.

Mwini bokosi amayankha msanga kuti lake lili ndi RAID, ndipo amatchula mawuwa monga mmene ena amatchulira dzina la sing'anga amene anatsirika nyumba. RAID ndi njira yogwirizanitsa madiski angapo kuti azigwira ntchito ngati imodzi. Dzinali linachokera m'pepala la akatswiri atatu a pa yunivesite ya California ku Berkeley, David Patterson, Garth Gibson ndi Randy Katz, lomwe linatuluka mu 1988. Mu RAID 1 madiski awiri amakhala ndi zinthu zofanana ndendende, kotero kuti imodzi ikafa inzake imapitiriza. Mu RAID 5 madiski atatu kapena kuposerapo amagawana mafayilo pamodzi ndi masamu owerengera zimene zasowa, ndipo bokosi limapirira imfa ya diski imodzi. Ntchito yake yonse ndi imeneyo: kuti makina asaime diski ikafa. Mdani mmodzi yekhayo ndiye amene RAID imamudziwa.

Adani ena onse imawatsegulira chitseko ndi ulemu. Mwana akafufuta foda ya zithunzi mwangozi, RAID imafufuta pa madiski onse nthawi yomweyo, mokhulupirika. Fayilo ikawonongeka polembedwa, kuwonongekako kumalembedwa kawiri. RAID 1 ili ngati kalilole, ndipo kalilole sasunga nkhope ya dzulo. Ngakhale pa ntchito yake yeniyeniyo ili ndi pofooka. Madiski a m'bokosi limodzi kawirikawiri amagulidwa tsiku limodzi, m'sitolo imodzi, ndipo amazungulira maola ofanana m'kutentha kofanana. Amakalamba pamodzi ngati mapasa. Imodzi ikafa n'kuikapo yatsopano, bokosi limayenera kuwerenga diski zotsalazo kuyambira poyamba mpaka pamapeto, kwa maola ambiri kapena masiku, ndipo ntchito yolemetsayo ndi imene nthawi zina imagwetsa yachiwiri. Mu RAID 5 yachiwiri ikagwa ntchitoyo isanathe, zonse zatha.

Mu Januwale 2022 eni mabokosi a QNAP anaona mdani amene RAID siimudziwa. Pulogalamu yachiwembu yotchedwa DeadBolt inalowa m'mabokosi amene anali otsegukira ku intaneti, n'kukhoma mafayilo onse, n'kusiya uthenga wofuna 0.03 ya bitcoin kuti eni ake apatsidwe kiyi. Chaka chapitacho, mu Epulo 2021, ina yotchedwa Qlocker inali itachita zofanana. Madiski anali amoyo, RAID inali bwinobwino, ndipo mafayilo okhomedwawo anali okhomedwa mofanana pa diski iliyonse. Kawirikawiri chitseko amatsegula ndi mwini nyumba yekha. Amafuna kuti akapita kutchuthi kumudzi azitha kuonetsa abale zithunzi za m'bokosi pa foni, choncho amalola bokosilo kuonekera ku intaneti, kapena rauta imalitsegulira yokha mwakachetechete kudzera mu UPnP, iye osadziwa. Dzina lolowera amalisiya lomwe lija la ku fakitale, mawu achinsinsi ndi dzina la mwana wake woyamba. Achiwembu safunika kumudziwa munthuyo kapena kudana naye. Makina awo amayenda pa intaneti usana ndi usiku akugogoda pa khomo lililonse, ndipo amalowa pamene papezeka posakhoma.

Mabokosi abwino ali ndi njira yojambula mmene mafayilo analili pa ola lakutilakuti, kotero kuti chofufutidwa lero chitha kubwezedwa kuchokera pa chithunzi cha dzulo. Njira imeneyi ndi yothandiza, ndipo aliyense amene bokosi lake lili nayo ayenera kuiyatsa lero lomwe. Koma zithunzi zimenezo zimagona m'bokosi lomwelo. Bokosi likapsa, zapsa nazo. Mapulogalamu ofananitsa mafoda pakati pa foni, laputopu ndi bokosi nawonso amanyenga anthu ambiri, pakuti ntchito yawo ndi kuonetsetsa kuti malo onse akufanana, ndiye chofufutidwa pamodzi chimafufutika ponse. Google Drive imasunga zotayidwa masiku 30 okha. Amene wazindikira pakatha miyezi iwiri kuti foda ya maliro a bambo ake kulibe, wachedwa.

Kumaiko a kuno kuli adani ena amene opanga mabokosiwa sanawaganizire kwenikweni. Namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, Malawi inataya pafupifupi mamegawati 130, ndipo magetsi ankazimazima kwa nthawi yoposa chaka. Mu 2024 madzi atachepa ku Kariba, anthu a ku Zambia ankakhala maola oposa 17 pa tsiku opanda malaiti. Aku South Africa nawo nkhaniyi amaidziwa bwino. Diski imene magetsi azima ikulemba itha kusiya fayilo yoduka pakati, ndipo magetsi pobwerera nthawi zina amabwera ndi mphamvu yopyola muyezo imene imaotcha zamkati. Bokosi lopanda UPS, kabatire kamene kamalipatsa mphindi zochepa kuti lizime mwadongosolo, likuchita juga tsiku ndi tsiku. Mphenzi ya mu Disembala ikalowa m'waya siisankha diski. Mu Malichi 2023 matope a namondwe wa Freddy anatsika m'phiri la Soche n'kukokolola nyumba za ku Chilobwe ndi zonse zamkati. Ndipo mbala ikalowa pabalaza imanyamula wailesi ya kanema, laputopu ndi kabokosi kowala kali pambalipo ulendo umodzi, madiski onse anayi ali m'kati. Tsoka silinunkha.

Pali gulu lina limene limaseka eni mabokosi, likumati iwo alibe nkhawa chifukwa zawo zili pa WhatsApp, pa Facebook ndi kwa Google. Awa ndiwo ali pangozi yoposa. WhatsApp si nyumba yosungiramo katundu. Ndi mtengatenga: amapereka uthenga n'kupita. Chithunzi chotumizidwa mwa njira ya masiku onse chimafinyidwa kuti chichepe, ndipo zolembedwa zobisika za m'kati mwake, zonena tsiku ndi malo amene chinajambulidwa, zimachotsedwa. Chikadutsa m'magulu atatu a banja, nkhope ya agogo imayamba kuoneka ngati yojambulidwa m'chifunga. Makampani akuluakulu nawo amataya zinthu. Mu Malichi 2019 MySpace inavomera kuti posamutsa makompyuta ake inataya nyimbo zimene anthu anaikapo kuyambira 2003 mpaka 2015, pafupifupi 50 miliyoni. Pa 10 Malichi 2021 moto unanyeketsa nyumba ina ya makompyuta ya kampani ya OVH ku Strasbourg, ndipo makasitomala ena anazindikira tsiku lomwelo kuti makope awo apadera ankasungidwa pamalo omwewo. Malamulo nawo amasintha mwini katundu osafunsidwa: Google Photos inathetsa malo aulere opanda malire pa 1 Juni 2021, ndipo kuyambira Disembala 2023 Google ili ndi ufulu wofufuta akaunti imene yakhala zaka ziwiri osagwiritsidwa ntchito. Munthu amene akaunti yake inamangiriridwa ku nambala ya foni imene anaisiya posamuka ku Blantyre kupita ku Cape Town atha kudzipeza ali panja pa nyumba yakeyake, kiyi ili m'manja mwa mlendo amene anapatsidwa nambala ija. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Izi sizikutanthauza kuti kusunga kwa makampaniwa n'kopanda ntchito. Ndi malo abwino oikizako kope limodzi. Kupusa ndi kuwasandutsa malo okhawo.

Wina angafunse kuti kodi mkangano wonsewu ndi wa chiyani, poti zambiri za m'mabokosiwa ndi mafilimu ndi nyimbo zimene zingapezekenso. Zimenezo zitayike, palibe adzalire. Koma pakati pa mafilimuwo pali zinthu zimene dziko lonse lapansi lilibe kope lake lina. Pali mphindi makumi anayi za gogo wa ku Kasungu akufotokoza mmene ankafulira makasu, m'Chichewa chimene adzukulu ake sachilankhulanso. Pali mayi wa ku Chikwawa akusimba nthano m'Chimang'anja, ndi nkhalamba ya ku Likoma imene Chinyanja chake cha kunyanja chili ndi mawu osapezeka mu mtanthauziramawu aliyense. Pali kalankhulidwe ka ku Katete ndi ku Chadiza, ka ku Angónia ndi ku Macanga, ndi ka zidzukulu za aja anapita ku migodi ndi m'mafamu a ku Zimbabwe, amene Chinyanja chawo chasakanikirana ndi Chishona mwa njira imene palibe buku linailemba mokwanira. Pali mavidiyo a Kulamba ku Mkaika, ojambulidwa ndi anthu wamba kuchokera pamene makamera a wailesi sanaime. Chilankhulo chimene chili ndi olankhula mamiliyoni ambiri koma zolembedwa zochepa chimadalira kwambiri mawu ojambulidwa, ndipo ambiri mwa mawu amenewo sali m'nyumba zosungira zakale za boma kapena za mayunivesite. Ali m'mafoni osweka magalasi, m'mamemori khadi a m'madirowa, ndi m'mabokosi a pabalaza.

Hugh Tracey anayenda m'Nyasaland m'zaka za m'ma 1950 akujambula nyimbo ndi zoimbira, ndipo zimene anajambulazo zikumvekabe lero ku International Library of African Music, imene anaikhazikitsa mu 1954 ndipo tsopano ili pa yunivesite ya Rhodes ku Makhanda. Zikumveka chifukwa zinakoperedwa mobwerezabwereza, kuchoka pa matepi kupita pa mbale za galamafoni, pa ma CD, kenaka pa makompyuta, ndipo makope anamwazikira m'malaibulale a maiko ambiri. N'zochititsa manyazi kuti mawu a woimba bangwe amene anajambulidwa zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi zapitazo ali otetezeka kuposa mawu a gogo amene anajambulidwa mu 2016 pa foni yamakono, imene inabedwa mu minibasi chaka chotsatira.

Ngakhale nyumba zazikulu zosungira zakale zimapsa. Mu Disembala 2015 laibulale ya yunivesite ya Mzuzu inanyeka ndi mabuku pafupifupi 45,000. Pa 18 Epulo 2021 moto wochokera ku Table Mountain unagwira laibulale ya Jagger pa yunivesite ya Cape Town, mmene munali zambiri za maphunziro a za Africa. Koma moto umene uyenera kusowetsa tulo aliyense wokonda chilankhulo ndi wa pa 2 Sepitembala 2018 ku Museu Nacional mu Rio de Janeiro. M'motowo munapsa mawu ojambulidwa a zilankhulo za eni nthaka a ku Brazil, zina mwa izo zopanda wozilankhula ndi mmodzi yemwe lero. Zilankhulo zimenezo zinafa kachiwiri usiku umenewo. Ngati nyumba zokhala ndi alonda ndi akatswiri zimatha chotero, kabokosi kokhala pansi pa nsalu yoluka pafupi ndi wailesi ya kanema kalibe chifukwa chodzitamira.

Mankhwala ake ndi odziwika, ndipo si atsopano. Wojambula zithunzi wa ku America, Peter Krogh, anafalitsa lamulo limene limatchedwa 3-2-1: makope atatu a chinthu chilichonse chofunika, pa zipangizo za mitundu iwiri, ndipo kope limodzi likhale kutali ndi nyumba. M'Chichewa lamuloli ndi lalifupi kuposa pamenepo: chako chikhale pawiri pakhomo, chachitatu ukaikize. Bokosi la NAS, ngakhale likhale ndi madiski asanu ndi atatu, limawerengedwa ngati kope limodzi. Lachiwiri likhale pa diski yapadera imene imalumikizidwa pa nthawi yokopera yokha, kenaka n'kuzulidwa n'kuikidwa m'kabati, pakuti chimene sichili pa waya mphenzi ndi DeadBolt sizingachifike. Lachitatu lituluke pakhomo.

Apa ndi pamene Achewa ali ndi mwayi umene mitundu ina ilibe, ndipo akuuwononga. Banja limodzi lili ndi nyumba ku Dedza, ku Chipata, ku Tete, ku Harare ndi ku Johannesburg. Palibe namondwe, moto kapena mbala imene ingafike malo onsewo usiku umodzi. Kumwazikana kumene kumaliritsa anthu pa nthawi ya maliro ndi komweko kumene akatswiri a makompyuta amalipira ndalama zambiri kuti akupeze. Odandaula amati intaneti ndi yodula ndiponso yochedwa, ndipo akunena zoona: kutumiza terabaiti imodzi pa liwiro la mamegabiti 10 pa sekondi kumatenga masiku oposa 9 osalekeza, ndipo materabaiti anayi amapitirira mwezi. Koma basi yochoka ku Johannesburg kudzera pa Beitbridge, Nyamapanda, Tete ndi Mwanza imafika ku Blantyre m'masiku ochepa, ndipo diski ya materabaiti anayi imakwana m'thumba la jekete. Anthu amene chaka ndi chaka amatumiza mabulangete, mafuta ophikira ndi mafiriji pa msewu umenewu sanganene kuti diski yawakanika. Kope loyamba, lalikululo, liyende pa basi. Zowonjezera za mwezi ndi mwezi ndi zochepa, ndipo zitha kuyenda pa intaneti, kapena madiski awiri azisinthana: wobwera ku Khirisimasi abweretse yatsopano, atenge yakale.

Za mtengo nazo zimakokomezedwa. Ola limodzi la mawu ojambulidwa bwino kwambiri, osafinyidwa, mu mtundu wa WAV, limadya pafupifupi gigabaiti imodzi. Terabaiti imodzi ndiye kuti ingasunge maola pafupifupi 1,000 a mawu otere, ndipo ndi mabanja ochepa amene ali ndi maola ngakhale 50. Munthu akapatula zosabwezereka, monga mawu, zithunzi, mapepala a malo ndi masatifiketi, n'kusiya mafilimu a ku Nigeria ndi mipira ya chaka chatha, amapeza kuti chuma chenicheni cha banja chikukwana pa diski yaing'ono yotsika mtengo kuposa foni imene ili m'thumba mwake. Amene anakwanitsa kugula bokosi la madiski anayi n'kumati diski yachisanu yamukanika, vuto lake si ndalama. Chenjezo n'lakuti flashi ndi memori khadi si zoikizira zinthu kwa zaka. Zikakhala nthawi yaitali osalumikizidwa zitha kuyamba kuiwala, ndipo m'misika mwadzaza zachinyengo zimene zimalembedwa kukula kumene zilibe: zimalandira mafayilo mosakana, n'kumafufuta akale mwakachetechete kuti atsopano alowe.

Chotsala ndi chimene pafupifupi aliyense amachinyalanyaza, ndicho kuyesa. Mu 1998, ku kampani ya Pixar, lamulo lolakwika linaperekedwa pa kompyuta imene inkasunga filimu ya Toy Story 2, ndipo pafupifupi magawo asanu ndi anayi mwa khumi a ntchitoyo anafufutika anthu akuona. Sanade nkhawa kwambiri poyamba, chifukwa anali ndi makope pa matepi. Atawatsegula anapeza kuti makopewo anali akulephera kwa nthawi ndithu popanda wozindikira. Filimuyo inapulumuka chifukwa mmodzi wa akuluakulu a ntchitoyo, Galyn Susman, ankagwirira ntchito kunyumba atabereka mwana, ndipo anali ndi kope pa kompyuta yake. Anaikulunga m'mabulangete n'kuinyamula pa galimoto ngati wodwala. Kampani yodzaza ndi akatswiri inapulumutsidwa ndi kuikiza kumene kunachitika mwangozi. Kope limene silinayesedwe ndi mphekesera chabe. Kamodzi pa miyezi itatu munthu atenge diski ija, asankhe mafayilo angapo mosayang'ana, awatsegule pa kompyuta ina, amvere mawuwo mpaka kumapeto. Mlimi amene satsegula nkhokwe kufikira mwezi wa Febuluwale ndi amene amapeza gaga yekhayekha.

Pali chodandaula chimodzi chimene chili ndi mutu, ndipo sichiyenera kupeputsidwa. Si zonse zojambulidwa zimene zili za maso a aliyense. Za kudambwe, za kuchinamwali, milandu ya m'banja, mapepala a kuchipatala: kuika zimenezi pa diski n'kuzitumiza kwa alamu ndi kuitana mavuto, pakuti m'nyumba ya alamu muli ana a chidwi ndi alendo. Zina mwa izo mwina sizinayenera kujambulidwa n'komwe, ndipo eni mwambo ali ndi ufulu wonena kuti zifufutidwe. Koma zimene zavomerezeka kusungidwa zitha kukhomedwa ndi mawu achinsinsi zisanachoke pakhomo, kotero kuti wosunga diski amasunga chinthu chimene sangachitsegule, monga mmene munthu amasungira sutikesi yokhoma ya mbale wake amene ali ku Joni. Mabokosi a Synology ndi QNAP ali ndi mapulogalamu ochita zimenezi, ndipo palinso aulere monga restic ndi Borg.

Kukhomako kumabala vuto lake, limene ndi lalikulu kuposa onse, ndipo eni mabokosi safuna kulimva. Mwini bokosi adzamwalira. Nthawi zambiri ndi iye yekha m'banja lonse amene amadziwa mawu achinsinsi, amene amadziwa kuti diski yachiwiri ili m'kabati iti ndi kuti yachitatu inaikizidwa kwa yani. Akatsikira kumanda ndi zimenezi, makope atatu aja asanduka njerwa zitatu. Pogawa katundu wa malemu, bokosi lija lidzapatsidwa kwa mphwake amene amadziwako za makompyuta, ndipo iye, atalephera kulitsegula kwa sabata imodzi, adzalifufuta lonse n'kuikamo mafilimu. Sadzadziwa n'komwe kuti wafufuta mawu a agogo ake aakazi, chifukwa fayiloyo inali ndi dzina la manambala okhaokha limene foni inaipatsa. Fayilo iliyonse ya mawu iyenera kukhala ndi dzina lonena wolankhula, mudzi ndi chaka, ndipo pambali pake pakhale kalata yaifupi yofotokoza zimene zikukambidwa ndi amene analola kuti zijambulidwe. Koposa apo pafunika pepala lenileni, lolembedwa ndi cholembera, lonena kumene kuli kope lililonse ndi mawu otsegulira, loikidwa mu envelopu yomata n'kuperekedwa kwa anthu awiri odalirika okhala m'nyumba zosiyana, ndipo lizilembedwanso mawu achinsinsi akasintha. Pepalalo lilembedwe m'Chichewa chomveka, chopanda mawu a akatswiri, pakuti amene adzang'ambe envelopuyo mwina sadzakhala mnyamata wa ku yunivesite. Atha kudzakhala azakhali a ku Katete, atavala mpango wakuda, patatha sabata ziwiri chiikireni maliro.